Mlendo pa Mphasa ya Ajapani

Masiku ano sichachilendonso kumva akulengeza m'tchalitchi kuti mwana wa mkulu wa mpingo wapeza mwayi wa maphunziro ku Japan, kapena kuti mlangizi wa zaulimi wa kwathu watumidwa kumeneko kukaona m'mene anzathu amalimira mpunga. Ubale wa maiko awiriwa sudayambe dzulo ai. Kuyambira 1971 achinyamata a ku Japan akhala akubwera kuno kudzathandiza modzipereka m'zipatala, m'sukulu ndi m'midzi yathu. Ambiri a iwo adaphunzira kutema nsima ndi dzanja, nadya usipa, chigwada ndi therere osakwinya nkhope. Tsono funso limene tifuna tiliganizire pamodzi mwezi uno ndi ili: kodi ana athu akafika kwao kwa alendo aja, amabweza ulemu womwewo?

Ife tidakhalako m'dzikomo, ndipo tidaona apaulendo a mitundu iwiri. Ena amafika ndi thumba la ufa m'sutikesi, namadzitsekera m'chipinda. Ufa ukatha amagwa pa buledi ndi mazira. Akaitanidwa kunyumba kwa mphunzitsi wao amapereka chifukwa, ndipo akakana kawiri, kachitatu saitanidwanso. Oterewa amabwerako ndi pepala la maphunziro lokha, opanda bwenzi ngakhale mmodzi. Enanso amaiwala zonse zimene adaleredwa nazo, nalandira chilichonse chimene chili pa tebulo, chodya ndi chomwa chomwe, poopa kusekedwa. Pakati pa awiriwa pali njira yabwino, ndipo munthu amaipeza akadziwiratu zimene akazipeze m'mbale.

Zilembo za mmishonale

Tiyambe ndi chinthu chimene chiyenera kutikondweretsa ife a Chipresbiteriyo. Ajapani amalemba ndi zilembo zaozao, zimene mlendo sangaziwerenge. Koma pa zikwangwani za pa siteshoni ndi pa mapepala ena a m'malo odyera mudzapeza mau ao atalembedwa m'zilembo zathu zomwezi: sushi, soba, tempura. Kalembedwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Dr James Curtis Hepburn, sing'anga ndi mmishonale wa mpingo wa Presbyterian wa ku America, amene adafika ku Japan m'chaka cha 1859. Iye adachiza odwala ku Yokohama, nathandiza kumasulira Buku Lopatulika, ndipo mu 1867 adatulutsa buku lomasulira mau a Chijapani m'Chingerezi. Chotero mwana wathu akamawerenga dzina la chakudya pa khomo la malo odyera, adziwe kuti akuyenda m'mapazi a munthu wa chikhulupiriro chathu, amene adadzichepetsa naphunzira kwa eni dziko asanawaphunzitse kanthu. Ubwino wake wina ngwakuti mau olembedwa motero amawerengeka pafupifupi monga Chichewa, kotero kuti ife sativuta pakamwa monga amavutira Azungu.

Mpunga ndiwo nsima yao

Mau akuti gohan amatanthauza mpunga wophika, amatanthauzanso chakudya chonse, monga momwe ife timanenera kuti sitinadye ngati nsima sinalowe pakamwa. Chakudya cha pa banja chimakhala mbale ya mpunga woyera wopanda mchere, kambale ka msuzi wa miso, umene amaupanga ndi soya wosasitsa, masamba oviika m'mchere, ndi ndiwo imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri nsomba yootcha. Msuzi wao amautcheza ndi zomera za m'nyanja ya mchere pamodzi ndi nsomba zouma. M'nyumba zambiri amagwiritsa ntchito tinsomba touma totchedwa niboshi, timene mukationa mudzalumbira kuti ndi usipa wa ku Nkhotakota. Therere amadya, maungu amadya, mbatata yootcha amaigulitsa m'misewu nyengo yozizira. Munthu wa kwathu safa ndi njala kumeneko pokhapokha atafuna yekha.

Dzikolo lili ndi zigawo 47, ndipo palibe chigawo chopanda chakudya chimene chimatchuka nacho. Chakudya chotere amachitcha meibutsu. Monga ife sitidutsa pa Jenda kapena pa Lizulu osagula tomato ndi mbatata ya kachewere, ndiponso sitichoka ku Karonga opanda mpunga wa kilombero, Mjapani sabwerera kwao wopanda chakudya cha kumene adapita, choti akagawire abale ndi anzake a ku ntchito. Ngakhale pa siteshoni ya sitima amagulitsa chakudya cha derali m'timabokosi totchedwa ekiben, kuti wapaulendo alawe dziko limene akudutsamo.

Posankha malo odyera, langizo lathu nlakuti musathamangire nyumba zonyezimira zimene zadzaza alendo okhaokha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zake zimaluma m'thumba. Funani kanyumba kakang'ono kokhala ndi kansalu pa khomo, kamene kamaphika chinthu chimodzi chokha, ndipo eni mudzi aima pa mzere kudikira. Masana itanitsani teishoku, ndiko kuti mpunga, msuzi ndi ndiwo pa mtengo umodzi, chifukwa nthawi imeneyo mitengo imatsika. Malo ambiri amaika pa windo zifanizo za zakudya zao zooneka ngati zenizeni. Lilime likakanika, chala chimalankhula.

Tokyo ndi Kyoto

Ambiri amatsikira ku Tokyo, ndipo chakudya cha kumeneko chimene dziko lonse lapansi likuchidziwa ndi sushi: kambamu ka mpunga wothira viniga, pamwamba pake atasanjika kachidutswa ka nsomba, kawirikawiri yaiwisi. Lero pali malo ena kumene chakudya chimenechi chimadya malipiro a mwezi wathunthu, koma chiyambi chake nchonyozeka. M'zaka za m'ma 1820, mzindawu ukutchedwabe Edo, chidali chakudya cha m'mbali mwa msewu chimene amisiri ndi onyamula katundu ankadya choimirira. Wofuna kulawa apite ku msika wa Tsukiji. Msika waukulu wa nsomba udasamukira ku Toyosu mu 2018, koma timasitolo ndi timalo todyera ta kunja kwake tidakalipo, ndipo m'mawa mumapezeka nsomba zabwino. Wa m'thumba mopepuka alowe m'malo otchedwa kaiten-zushi, kumene timbale timayenda tokha pa lamba kudutsa pamaso pa odya, munthu nkumatola kamene wakakonda. Nzeru imeneyi idayambira ku Osaka mu 1958. Muli timbale ta mazira, ta nkhaka ndi ta nsomba yophika, kotero kuti woopa zaziwisi angathe kuyamba pang'onopang'ono.

Kuchokera ku Tokyo, sitima yothamanga ya Shinkansen, imene idayamba kuyenda mu 1964, idzakufikitsani ku Kyoto m'maola osakwana atatu. Mzinda umenewu udali likulu la mafumu kwa zaka zoposa 1,000, ndipo uli kutali ndi nyanja. Nchifukwa chake ophika ake adakhala akatswiri a masamba ndi a tofu, chakudya choyera chofewa chimene amachipanga poumitsa mkaka wa soya. Pafupi ndi kachisi wa Nanzenji pali malo ophika yudofu, ndiye tofu wowiritsa m'madzi ndi zomera za m'nyanja, ndipo pa msika wa Nishiki pali masamba a mchere a mitundu yosawerengeka. Kusowa kwa nyama m'zakudya zakale kuli ndi mbiri yake. Mu 675 mfumu Tenmu idaletsa kudya ng'ombe, akavalo, agalu, anyani ndi nkhuku m'miyezi ya ulimi, ndipo chifukwa cha chiphunzitso cha Chibuda mwambo wopewa nyama udazika mizu kwa zaka zambirimbiri, kufikira 1872 pamene kudamveka kuti mfumu Meiji yadya nyama ya ng'ombe. Nyama yotchuka ya ku Kobe, yamafuta ndi yokwera mtengo, ndi mwana wa dzulodzulo m'mbiri ya dzikolo.

Osaka, khitchini ya dziko

Pafupi ndi Kyoto pali Osaka, mzinda wa amalonda, umene kale mpunga wa m'zigawo zonse unkasonkhanira, nautcha khitchini ya dziko. Anthu ake ngansangala ndi omasuka polankhula, ndipo munthu wa kwathu sachedwa kuzolowerana nao. Zakudya zao nza anthu wamba. Pali takoyaki, timipira ta ufa wa tirigu tootcha pa chiwaya cha maenjemaenje, m'kati mwake muli kachidutswa ka nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu yotchedwa tako. Malo otchedwa Aizuya ndiwo amadziwika kuti adayambitsa chakudyachi mu 1935. Palinso kushikatsu, tinyama ndi timasamba tobaya ku kamtengo, tokazinga m'mafuta. Dera lake ndi Shinsekai, kumene kudali kwa anthu a maganyu, ndipo malo otchedwa Daruma akhala akuphika kumeneko kuyambira 1929. Kumene msuzi woviikamo uli m'mbale imodzi ya onse, lamulo lake nlimodzi: kamtengo kamene waluma kale usakaviikenso. Lamulo limeneli sitifunika kuliphunzira, pakuti aliyense amene adakulira pa mbale imodzi ya ndiwo ndi abale ake amadziwa kuti mnzako naye akudya momwemo.

Hiroshima: chakudya chotuluka m'phulusa

Tikapitirira kumadzulo tifika ku Hiroshima, ndipo apa tipemphe owerenga athu adekhe pang'ono. Pa 6 August 1945 bomba la atomu lidaononga mzindawu, ndipo anthu ochuluka zedi adafa tsiku lomwelo ndi m'miyezi yotsatira. Otsala adalibe mpunga. Chimene chinkapezeka ndi ufa wa tirigu wa chithandizo, ndi kabichi, amene sadali wokwera mtengo. Anthu adatenga zitsulo zafulati, nazisandutsa ziwaya, nayamba kuthira kaufa kopyapyala ndi kuunjikapo masamba kuti mimba idzale. Zinthu zitayamba kusintha adaonjezapo nyama ya nkhumba, dzira, ndi tizingwe ta ufa wa tirigu tonga tija timagula m'timapaketi m'magolosale. Chakudya chimenechi ndicho okonomiyaki wa ku Hiroshima. Amayi ambiri, ena mwa iwo amasiye a nkhondo, adalerera ana ao pa chiwaya chimenechi, atasandutsa chipinda cha kumaso kwa nyumba kukhala malo odyera.

Lero mungachidye ku Mitchan, malo amene adayamba ngati kabenchi ka m'mbali mwa msewu mu 1950, kapena ku Okonomimura, nyumba yosanjikizana m'mene muli ophika oposa 20, aliyense ndi chiwaya chake. Mumakhala moyang'anana ndi wophika, chakudya nkumapsa inu mukuona. Ife tidadya chakudyachi madzulo a tsiku limene tidayendera nyumba yosungiramo mbiri ya bomba lija, ndipo sitidathe kuchiona ngati chakudya wamba. Tidakumbukira agogo athu amene adapulumuka njala ya 1949 ndi gaga ndi zikhawo za nthochi. Mtundu uliwonse uli ndi mbale imene idaupulumutsa. Mlendo akaikankha ndi chala mbale yoteroyo, sadziwa kuti wakankha misozi ya eni ake.

Nagasaki: gome la alendo ndi la ofera

Pa chilumba cha Kyushu pali Nagasaki, ndipo Mkristu wofika ku Japan ayesetse kufikako. Doko limeneli ndilo lidalandira Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, amene adadza ndi malonda ndi chiphunzitso cha Chikatolika. Adasiyako zakudya ziwiri. China ndi castella, keke yofewa ya mazira, shuga ndi ufa, imene sitolo ya Fukusaya yakhala ikuphika kuyambira 1624. China ndi kakazingidwe ka nsomba ndi masamba zoviika m'ufa wamadzimadzi, kamene kadabala tempura wodyedwa m'dziko lonse lero. Koma taonani chodabwitsa: eni dziko adasunga keke, nakana Uthenga. Pa 5 February 1597 Akristu 26 adapachikidwa pa mitanda pa phiri la Nishizaka, ena mwa iwo ali ana. Mu 1614 Chikristu chidaletsedwa m'dziko lonse, ndipo chiletsocho chidakhalapo kufikira 1873. Komabe mabanja ena adasunga chikhulupiriro mobisa kwa mibadwo yambiri, wopanda mbusa, wopanda tchalitchi, kufikira mu 1865 pamene ena a iwo adadziulula m'tchalitchi cha Oura. Pa 9 August 1945 bomba lachiwiri la atomu lidaphulika pamwamba pa dera la Urakami, kumene zidzukulu za Akristu obisala aja zidamanga tchalitchi chao chachikulu.

Mukatsika chitunda cha Oura mudzapeza malo odyera otchedwa Shikairō, amene adatsegulidwa mu 1899 ndi munthu wochokera ku Fujian m'dziko la China, dzina lake Chen Pingshun. Iye adaona kuti ana a sukulu ochokera kwao akuvutika ndi njala m'dziko la eni, nawakonzera chakudya chotsika mtengo koma chokhutitsa: tizingwe tonenepa ta tirigu m'msuzi wa mafupa, pamodzi ndi kabichi, nyama ya nkhumba ndi za m'nyanja zimene zapezeka tsikulo. Chimenecho ndicho champon, chakudya chimene mzinda wonse umanyadira lero. Mwana wathu wa sukulu akakhala pansi kudya mbale imeneyi, adziwe kuti idaphikidwira anthu onga iye, ophunzira osauka amene ali kutali ndi amayi ao. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Nagasaki ndi umboni wake, pakuti zokoma zake zambiri zidadza ndi alendo.

Mbatata ya ku Kagoshima ndi bowa wa ku Oita

Kumwera kwa chilumba chomwecho kuli Kagoshima, kumene Francis Xavier adatsikira mu 1549. Nthaka yake njaphulusa la phiri lophulika, yosakondwera ndi mpunga, koma mbatata imaikonda. Pamene njala yaikulu idagwa kumadzulo kwa Japan mu 1732, madera olima mbatata adapulumuka koposa ena, ndipo boma litaona zimenezi lidalimbikitsa mbewuyi m'zigawo zina. Mpaka lero Ajapani amaitcha mbatata satsuma-imo, potengera dzina lakale la derali. Kumeneko lawaninso nyama ya nkhumba zakuda za kurobuta.

Chigawo cha Oita nacho chili ndi mau kwa ife. Mu 1979 bwanamkubwa wake, Morihiko Hiramatsu, adalimbikitsa kuti mudzi uliwonse usankhe chinthu chimodzi chimene ungachichite bwino koposa, nuchikonze mpaka chitchuke. Bowa wouma wa shiitake ndi timandimu totchedwa kabosu ndi zina mwa zimene chigawochi chimadziwika nazo. Maganizo amenewa ndiwo adafika kuno kwathu mu 2003 ndi dzina la One Village One Product. Wapaulendo wathu akamalawa zakudya za m'zigawo, asangodya chabe. Afunse m'mene mudzi wosauka udasandutsira chinthu chimodzi kukhala ulemu wake.

Kumapiri ndi kumpoto

Za madera ena tingotchula mwachidule. Ku Nagano, dziko la mapiri lopanda nyanja, amalima mbewu yotchedwa soba, imene imapirira nthaka yosauka. Ufa wake amapangira tizingwe totuwa, koma akauvundula m'madzi otentha umatuluka sobagaki, amene ndi mbale wake weniweni wa nsima. Komweko amadya ziwala zophika ndi shuga ndi msuzi wa soya, chinthu chimene Ajapani ena a m'mizinda amachiopa, pamene ife odya ngumbi ndi bwanoni timangosekerera. Ku Sendai kuli lilime la ng'ombe lootcha pa makala, limene malo otchedwa Tasuke adayamba kugulitsa mu 1948, m'masiku a usiwa, pamene sankataya chiwalo chilichonse. Ku Sapporo, pa chilumba chozizira cha Hokkaido, mudzadziotha ndi ramen wa msuzi wa miso. Mukaona bwino, nkhani yake ndi imodzimodzi kulikonse: zakudya zambiri zimene alendo amaziimira pa mzere lero zidabadwa m'kusowa, m'manja mwa anthu amene sadafune kutaya kanthu.

Nanga chikumbumtima?

Tsopano tifike pa zimene makolo amada nazo nkhawa. Choyamba ndi nsomba yaiwisi. Imeneyi si nkhani ya tchimo ai, koma ya ukhondo. Nsomba zambiri zimene Ajapani amadya zosaphika nza m'nyanja ya mchere, zosankhidwa ndi kusungidwa pozizira ndi anthu odziwa ntchito yao. Ngakhale nsomba yaululu ya fugu, yotchuka ku Shimonoseki, lamulo limalola okhawo amene ali ndi chilolezo kuti aikonze. Koma tichenjeze achinyamata: musabwere kuno nkudzayesa zimenezi ndi chambo kapena mlamba, pakuti nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi zoopsa zikadyedwa zosapsa. Ndipo ngati thupi lanu limadana ndi chakudya china, monga nkhanu kapena soba, nenani poyera; eni nyumba adzamvetsa.

Chachiwiri ndi mowa. Ku Japan anthu a pa ntchito imodzi amakonda kupita kokadya madzulo, ndipo sake, mowa wa mpunga, sulephera. Ndi mwambo wao kuthirirana m'kapu. Apa ndi pamene ana athu ambiri amagwera, poganiza kuti kukana nkunyoza. Sichoncho. Ife tidaona kuti munthu akanena mwaulemu pa chiyambi pomwe kuti samwa, amamuitanitsira tiyi wozizira wa oolong, nakweza naye kapu pamodzi ndi onse. Chimene chimawawa eni phwando ndi kusabwera, osati kusamwa. Pitani, idyani, thirirani anzanu tiyi, sekani nao, ndipo mubwerere kunyumba ndi mutu wanu. Malonjezo amene mudachita pamaso pa mpingo sathera pa bwalo la ndege.

Chachitatu ndi zakudya zoperekedwa nsembe. M'nyumba zambiri muli kaguwa kotchedwa butsudan, kumene amaikako mpunga woyamba, zipatso kapena maswiti chifukwa cha makolo omwalira, ndipo pambuyo pake banja limagawana. Pa zikondwerero za akachisi a Chishinto amagawanso sake woperekedwa kwa milungu yao. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife amene makolo athu ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo, ndipo sidali yachilendo kwa Akristu a ku Korinto. Werengani pa banja 1 Akorinto 10:23-33. Mtumwi Paulo akutimasula kuti tidye za pa msika ndi za pa gome la wosakhulupirira popanda kufunsafunsa, chifukwa dziko lonse ndi la Ambuye. Koma wina akatiuza kuti ichi nchansembe, tileke, chifukwa cha iye amene watiuzayo. Malire ake ndi amenewo, ndipo ngoonekeratu. Kukana kotero kuchitike ndi nkhope yofatsa ndi mau othokoza, munthu nkutenga china chimene chili pa tebulo pomwepo. Onaninso Luka 10:7-8, pamene Ambuye adalangiza otumidwa ake za kudya m'nyumba zowalandira, ndi Machitidwe 10, pamene Petro adayenera kuphunzitsidwa za chakudya asanalowe m'nyumba ya Korneliyo. Uthenga udalowa kwa amitundu kudzera pa khomo la kukhitchini.

Pali timiyambo tingapo toyenera kusunga. Vulani nsapato musanaponde mphasa zao za tatami. Timitengo todyera musatizike choimirira mu mpunga, ndipo musapatsirane chakudya kuchokera ku timitengo kupita ku timitengo, chifukwa zonse ziwiri zimakumbutsa mwambo wa maliro. Kukweza mbale ya mpunga kufupi ndi pakamwa nkololedwa, ndipo kufwenkhula tizingwe ta soba mwaphokoso si mwano. Musasiye njere za mpunga m'mbale. Musasiyenso ndalama ya pamwamba kwa wopereka chakudya, pakuti angakuthamangireni kudzakubwezerani. Asanadye amati itadakimasu, ndiko kunena kuti ndilandira modzichepetsa. Akatha amati gochisōsama, kuthokoza amene adavutika pokonza. Mkristu angathe kuweramitsa mutu napemphera kwa Mwini zonse, kenaka nkunena mau amenewa ndi mtima woyera.

Ndipo ngati mutifunsa malo odyera amene tidawakonda koposa onse, sali m'buku lililonse la apaulendo. Akristu ku Japan ngochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, ndipo mipingo yao njaing'ono. M'mipingo yambiri, mapemphero a Sabata akatha, amakoka matebulo nadyera pamodzi chakudya chapafupi, mpunga kapena tizingwe ta udon, chophikidwa ndi amayi a mumpingo. Pamenepo tidakhala pakati pa nkhalamba zimene sitinkamvana nazo chinenero, koma zinkatidzazira mbale monga ana ao. Mwana wanu akanyamuka, muuzeni afunefune gome limeneli Sabata loyamba lomwe.

Mau kwa makolo

Mlendo wabwino saphunzira ulemu m'ndege. Amauphunzira pa mkeka wa kwao. Mwana amene timamlekerera kukankha mbale ya nkhwani chifukwa akufuna nyama, ndi yemweyo adzakwinyire nkhope gome la eni. Mwana amene sadaphunzire kunena kuti ai mwaulemu kwa anzake a m'mudzi, sadzatha kunena kwa bwana wake ku Osaka. Tiwaphunzitse kuthokoza asanadye, kulawa asanaweruze, kutsiriza za m'mbale, ndi kudziwa chifukwa chake zinthu zina sitizikhudza. Tiwaphunzitsenso kuphika, anyamata ndi atsikana omwe, chifukwa mlendo ndi mame, ndipo asanakamuke ayenera kusiya kanthu. Thumba la ufa lija lisakhale lodzitsekera nalo m'chipinda. Likhale loitanira eni dziko kuti nao adzalawe nsima ndi ndiwo zotendera. Ajapani amalemekeza munthu amene amalemekeza za kwao, ndipo mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwina tsiku lina, mwana woyenda atabwerako, mudzi wake udzatchuka ndi chinthu chimodzi chimene udaphunzira kuchikonza bwino.

Ambuye asunge onse amene ali pa ulendo, ndipo adalitse manja amene amawaphikira kutali ndi kwao.